Komiti ya Sukulu ndi Nthawi ya Chisankho Chake

Komiti ya sukulu ndi gulu la anthu osankhidwa ndi makolo kuti liziyang'anira sukulu ya pulayimale mothandizana ndi mphunzitsi wamkulu. Imaona za ndalama za chitukuko, zomangamanga, nyumba za aphunzitsi ndi kujomba kwa ana. Pa sukulu ya mishoni, Mpingo umakhalanso ndi mawu monga mwini sukulu.

Udindo wa makomiti unakula mu 1994 pamene maphunziro aulere a pulayimale anayamba ndipo ana anachuluka m'makalasi. Mu 1998 boma linakhazikitsa ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu, yomwe inaika sukulu za pulayimale pansi pa makhonsolo. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la maphunziro m'malo mwa la 1962.

Mbiri ya dziko lino yaonetsa kuti nthawi ya chisankho ndi nkhani yaikulu. Makhansala osankhidwa mu 2000 atatha nthawi yawo mu 2005, makhonsolo anakhala opanda makhansala zaka 9. Malamulo atasinthidwa mu 2012, chisankho cha patatu chinachitika pa 20 May 2014. Pambuyo pake tsiku la chisankho linasunthidwa kuchoka mu May, ndipo cha 2025 chinachitika pa 16 September.

Phunziro limeneli likukhudzanso sukulu za m'minda ya tiyi ku Thyolo, monga kufupi ndi Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba. Tiyi amaphuka kwambiri m'dzinja, kuyambira December mpaka April. M'miyezi imeneyi makolo ambiri amalawirira kukathyola tiyi n'kubwerako madzulo, ndipo kujomba tsiku limodzi ndi kutaya malipiro. Chisankho chikaitanidwa mkati mwa sabata pa nyengo yotere, amabwera ndi anthu ochepa, ndipo komiti imasankhidwa popanda eni ana. Nthawi yabwino ndi kumayambiriro kwa chaka cha sukulu mu September, pa tsiku lopuma, uthenga utalengezedwa msanga.

Msonkhano wachiwiri wa Vatican, m'chikalata cha Gravissimum Educationis cha 1965, unaphunzitsa kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana awo. Choncho akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati afunse tsiku la chisankho kwa mphunzitsi wamkulu, alilengeze m'tchalitchi, ndipo ngati lagwa pa nthawi ya ntchito, apemphe kuti lisinthidwe.