Ndalama Yosagula Buledi Imene Lero Ikugulidwa ndi Madola

Mu Ogasiti 2022, kampani ya Heritage Auctions ku America inagulitsa kakhadi kamodzi pamtengo wa madola 12.6 miliyoni. Kakhadiko n'kokwana m'thumba la malaya, ndipo kali ndi chithunzi cha Mickey Mantle, katswiri wa masewera a baseball. Mu 1952 kampani ya Topps inkaika makhadi otere m'mapaketi a chingamu, ana n'kumagula ndi timakobidi. M'mwezi womwewo wa Ogasiti, khadi la katswiri wina, Honus Wagner, linagulidwa pa madola 7.25 miliyoni. Makhadi a Wagner ankapezeka m'mapaketi a ndudu pakati pa 1909 ndi 1911, ndipo otsala lero ndi makumi ochepa chabe.

Zinthu zitatu ndizo zimakweza mtengo wa pepala lakale. Choyamba n'kusowa: ana anaseweretsa makhadi ambiri mpaka kuthaitha, makolo n'kutaya otsalawo posesa m'nyumba. Chachiwiri ndi nkhani imene pepalalo lanyamula. Chachitatu ndi maonekedwe: pali makampani amene ntchito yawo n'kuunika khadi, kulipatsa malikisi kuyambira 1 kulekeza 10, kenaka n'kulitsekera m'kachikombole ka pulasitiki. La Mantle lija linapata 9.5. Khadi lopindika pangodya, loti mwana analikonda n'kumayenda nalo, mtengo wake umagwa kutali.

Kwathu kuno baseball sitiidziwa kwenikweni, koma tili nalo pepala limene layenda njira yomweyi. Ndi ndalama ya ku Zimbabwe ya madola 100 thiriliyoni. Kuti timvetse chimene ogula amagula akaigula, tiyenera kuyamba taona anthu amene ankalandira malipiro awo m'madola a dzikolo.

Arcturus ndi mgodi wa golide m'boma la Goromonzi, makilomita pafupifupi 30 kum'mawa kwa Harare, pakati pa mafamu akuluakulu a ku Mashonaland. Golide wakhala akukumbidwa kumeneko kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Monga m'migodi ndi m'mafamu ena a Southern Rhodesia, ntchito yambiri yakalavulagaga inkagwiridwa ndi anthu ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Ena anatengedwa ndi bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, limene antchito ankalitchula kuti chibalo. Ena anayenda okha wapansi, kuwoloka Zambezi ku Tete, pofuna ndalama ya msonkho ndi ya chikwati. Kumudzi ankati apita ku Halale. Amene sanabwerere anatchedwa matchona, ndipo Ashona anawatcha Mabhurandaya, kutengera dzina la Blantyre. M'makomboni anamanga mipingo ndi mizikiti, anavina gule wamkulu, anakhazikitsa magulu othandizana pamaliro.

Anthuwa analibe munda wa makolo m'dzikolo. Mnzawo wa Chishona ntchito ikatha ankabwerera kumudzi kukalima. Mwana wa mtchona nyumba yake inali ya kampani, ndipo chuma chake chonse chinali malipiro, kabuku ka ku banki ndi penshoni. Kulanda mafamu kumene kunayamba mu 2000 kunachotsa ambiri pantchito, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linasandutsa ochuluka a iwo alendo m'dziko lobadwira. Chotsala m'manja mwawo chinali ndalama ya pepala.

Ndalamayo ndiyo inasungunuka. Banki yaikulu ya Zimbabwe, motsogozedwa ndi Gideon Gono, inachotsa maziro atatu pa dola mu Ogasiti 2006, inachotsanso khumi mu Ogasiti 2008, kenaka khumi ndi awiri mu Febuluwale 2009. Boma lenilenilo linalengeza kuti mu Julayi 2008 mitengo inkakwera ndi 231 miliyoni peresenti pachaka. M'mwezi womwewo kampani ya ku Germany ya Giesecke & Devrient inaleka kutumiza pepala losindikizira ndalama. Anthu ankagona pamizere ya ku banki kuti atape ndalama imene pofika madzulo inali itachepa mphamvu. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Penshoni ya munthu amene anatsika pansi pa mgodi zaka makumi atatu inali fodya wapachala.

Ndalama ya 100 thiriliyoni inatuluka mu Januwale 2009, ngakhale chaka cholembedwapo ndi 2008. Ili ndi maziro 14. Kumaso kwake kuli miyala yosanjikizana ya Chiremba ya ku Epworth, kumbuyo kuli mathithi a Victoria ndi njati. Sinakhalitse: kumapeto kwa mwezi womwewo boma linalola anthu kugula ndi kugulitsa ndi dola ya ku America ndi randi, ndipo pofika Epulo dola ya Zimbabwe inali itaikidwa pambali. Chaka chomwecho Gono anapatsidwa mphotho yachipongwe ya Ig Nobel pa masamu.

Apa ndi pamene moyo wachiwiri wa pepalali unayambira. Anyamata a ku Victoria Falls anayamba kuligulitsa kwa alendo okaona mathithi. Amalonda akunja anagula mitolo yosamasula, n'kumagulitsa limodzilimodzi pa eBay. Mu 2015, pamene banki yaikulu inkathetseratu ndalama yakaleyo, inalengeza kuti wobweretsa pepala la 100 thiriliyoni alandira masenti 40 a ku America, ndipo akaunti iliyonse yokhala ndi madola osapitirira 175 kwadiriliyoni ipatsidwa madola asanu. Panthawiyo pepala lomwelo linkagulidwa madola makumi angapo pa intaneti. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi woweruza wopuma George Smith kuti ifufuze mmene mapenshoni ndi ma inshuwalansi anatayikira mphamvu. Pepala linakwera mtengo, pamene chimene pepalalo linkaimira, thukuta losungidwa, sichinabwerere.

Malamulo a msikawu ndi omwe aja a khadi la Mantle. Makampani monga Paper Money Guaranty amaunika ndalama yakale, kuipatsa malikisi mpaka 70, n'kuitsekera m'pulasitiki. Yokwera mtengo ndi yosapindika, yopanda litsiro, yoti sinalowepo m'thumba la munthu. Imene mayi wa pa komboni anamangirira pansonga ya chitenje, imene kondakitala anaipinda pakati pa zala, imagwa mtengo. Wogula akufuna nkhani ya 2008, pakuti popanda nkhaniyo pepalali silisiyana ndi lina lililonse, koma akulipira zambiri pa pepala lokhalo limene silinakhudzidwe ndi anthu a m'nkhanimo. Ndipo anthu amene anali ndi mwayi wosunga mitolo yatsopano sanali a pamzere wa ku banki aja.

Kodi tinganene kuti kugula pepala lotere ndi njira yosungira chuma? Mbiri ya makhadi a baseball ili ndi yankho. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Amereka ambiri atamva za mitengo ya makhadi akale anayamba kugula atsopano m'makatoni n'kumasunga osatsegula. Makampani anasindikiza mamiliyoni, ndipo lero ambiri mwa makhadi amenewo ndi achabechabe, chifukwa chimene aliyense wasunga sichisowa. Khadi silibala ngati mbuzi, silipereka lendi ngati nyumba; phindu lake lili pa munthu wotsatira amene angalolere kulipira kuposa iwe. Ndalama ya 100 thiriliyoni inasindikizidwa yochuluka, ndipo zachinyengo zalowa kale pamsika. Palinso ena amene amanamiza anthu kuti tsiku lina idzabwezeretsedwa mphamvu n'kuwalemeretsa. Banki imene inaisindikiza inatseka nkhaniyo mu 2015.

Wogula chifukwa chokonda mbiri sakulakwa, ndipo n'zabwino kuti pepalali lisungidwe. Koma m'nyumba za zidzukulu za matchona, ku Arcturus, ku Mbare kapena ku Mangochi, muli mapepala ena akale amene alibe mtengo pa eBay: chitupa cha agogo, masilipi a malipiro, kabuku ka penshoni, kalata yopita kumudzi, khadi la gulu la maliro. Kusowa ali nako, nkhani ali nayo. Chimene alibe ndi ukhondo umene msika umafuna, chifukwa anagwidwa ndi manja ogwira ntchito. Kwa wolemba mbiri, kupindika ndi madontho amenewo ndiwo umboni. Mabanja amene akali nawo awajambule, alembe dzina la mwini wake, mudzi ndi mfumu yake, mgodi kapena famu imene anagwirako, agogo odziwa zimenezi asanatsikire kuli chete.