Kutsitsimutsa zomera zosunga madzi ndi kuthana ndi tizilombo ta maluwa a m'miphika ku Livingstone

LIVINGSTONE: M'dera la Airport, kufupi ndi bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula, aliyense wofuna kukongoletsa pakhomo pake ndi maluwa ayenera kuyamba waganizira za madzi. Mzinda wa Livingstone umalandira mvula pafupifupi mamilimita 700 pa chaka, ndipo yambiri imagwa pakati pa Novembala ndi Malichi. Nthaka yake ndi mchenga wa Kalahari umene suchedwa kuuma, ndipo mu Okutobala kutentha kumafika madigiri 35 ngakhale kupitirira. Chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse mu Febuluwale 2024 chinakantha kwambiri chigawo cha kumwera.

Malo otere amayanjana ndi zomera zosunga madzi monga aloe ndi cactus. Komabe zomerazi zikakhala m'miphika, chimene chimazipha kawirikawiri ndi madzi ochuluka, osati ludzu. Mwini duwa akaliona likufota amathamangira kulithirira, osadziwa kuti mizu yake yayamba kale kuwola. Choncho ntchito yolipulumutsa imayamba ndi kudziwa chimene chalivuta.

Zomera zake ndi ziti

Zomerazi zimasunga madzi m'masamba, m'tsinde kapena m'mizu yonenepa. Zambiri zimatseka timabowo take topumira masana n'kutitsegula usiku kukazizira, motero zimataya madzi ochepa poyerekeza ndi ndiwo zamasamba.

Chigwa cha Zambezi chili ndi mitundu yakeyake. M'matanthwe a Batoka, kumunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, mumamera Aloe chabaudii amene amachita maluwa ofiirira m'nyengo yachisanu. Anthu ambiri m'Zambia amatcha aloe kuti tembusha. Nkhadze imene imadzalidwa ngati mpanda ili m'gulu lomweli, ndipo mlambe nawo umasunga madzi m'thunthu lake.

Cactus kwawo ndi ku America. Mtundu umodzi wokha, Rhipsalis baccifera, ndiwo umamera mwachilengedwe mu Africa. Zomera zina zaminga za kuno zimafanana ndi cactus koma ndi abale a nkhadze, ndipo zimadziwika ndi utomoni woyera ngati mkaka umene umatuluka zikatemedwa.

Zizindikiro zinayi

Chomera chothiriridwa mopitirira muyeso chimakhala ndi masamba achikasu, ofewa ndi amadzimadzi, amene amathothoka akangokhudzidwa. Tsinde limada pafupi ndi dothi ndipo nthawi zina limanunkha. Mizu imafuna mpweya, ndipo ikakhalitsa m'dothi lonyowa imafa n'kugwidwa ndi nkhungu.

Chomera chaludzu chimachita makwinya ndipo masamba a m'munsi amauma, koma tsinde limakhalabe lolimba. Ichi sichovuta, chifukwa chikathiriridwa mokwanira kamodzi chimadzadzanso pakapita masiku ochepa.

Chomera chosowa kuwala chimatalika mowonda, chimatuwa ndipo chimapendekera kuwindo. Mbali imene yawonda kale sinenepanso, koma masamba atsopano amatuluka bwino chikasunthidwira powala.

Chomera chopsa ndi dzuwa chimakhala ndi zipsera zouma, zoyera kapena zofiirira. Izi zimachitika makamaka duwa lozolowera m'nyumba likatulutsidwa mwadzidzidzi padzuwa la Okutobala. Liyenera kuzolowetsedwa pang'onopang'ono kwa sabata ziwiri, kuyambira ndi dzuwa la m'mawa lokha.

Palinso zomera zimene zimaoneka ngati zafa pamene zikungopuma. Adenium, duwa la tsinde lonenepa limene limakondedwa pamakhonde, limayoyola masamba m'nyengo yachisanu. Kulithirira kwambiri panthawi imeneyi n'kumene kumaliwoletsa.

Kupulumutsa chomera chimene chayamba kuwola

Chomeracho chizulidwe mumphika ndipo dothi lonse likutumulidwe. Cactus agwiridwe ndi nyuzipepala yopinda kangapo kapena katoni poteteza manja ku minga. Mizu yamoyo imakhala yoyera ndi yolimba, pamene yowola imakhala yakuda ndi yoterera. Yowolayo idulidwe ndi mpeni wakuthwa umene wapukutidwa ndi sipiriti.

Ngati kuwolako kwakwera m'tsinde, tsindelo lidulidwe pamwamba pa chowolacho mpaka mkati muoneke moyera popanda dontho lakuda. Nsonga yodulidwayo iikidwe pamthunzi popita mphepo kuti bala liume. Zomera zazing'ono zimafuna masiku 3 mpaka 7, koma cactus wonenepa angafune sabata ziwiri kapena kuposerapo. Ena amawaza ufa wa makala pabalapo. Likauma, nsongayo idzalidwe m'dothi louma ndipo isathiriridwe kwa sabata yathunthu. M'nyengo yotentha mizu yatsopano imatuluka pakapita sabata zingapo.

Pamitundu ya masamba onenepa monga Echeveria, tsamba limodzi lamoyo lingathe kubereka chomera china likagonekedwa pamwamba pa dothi louma. Aloe amachulukitsidwa ndi ana amene amaphuka m'mbali mwa tsinde.

Dothi ndi kathiriridwe

Mchenga wa pabwalo m'dera la Airport ndi wosalala kwambiri, ndipo ukaikidwa wokha mumphika umatsendereka n'kutseka mpweya. Dothi labwino limapangidwa ndi gawo limodzi la kompositi yowola bwino, gawo limodzi la mchenga wokhakhala wa kumtsinje, ndi gawo limodzi la timiyala kapena njerwa zowotcha zophwanya. Mphika ukhale ndi zibowo pansi, ndipo usakule kwambiri kuposa chomeracho. Mphika wa dothi umauma msanga kuposa wa pulasitiki kapena chitini.

Pothirira, madzi athiridwe mpaka atulukire pansi, kenako dothi lisiyidwe kufikira litaumiratu. Kamtengo kouma kakalowetsedwa mpaka pansi pa mphika n'kutuluka konyowa kapena komata dothi, nthawi yothirira sinakwane. M'miyezi yotentha nthawi zambiri zimakwana kuthirira kamodzi pa sabata kapena pa masiku khumi. Mu Juni ndi Julayi, pamene usiku kumazizira kutsika pansi pa madigiri 10, kamodzi pa sabata zitatu kapena zinayi ndi kokwanira. M'dzinja miphika ikokeredwe pakhonde mvula ikagwa masiku otsatizana. Mbale yoikidwa pansi pa mphika isakhale ndi madzi oima, amenenso amaswetsa udzudzu.

Tizilombo tofala ndi mankhwala ake

Mdani wamkulu ndi mealybug, kachilombo koyera kooneka ngati thonje kamene alimi a ku Malawi amakatcha kodikodi. Timabisala pamene tsamba lakumana ndi tsinde n'kumayamwa madzi a chomera. Timatulutsa timadzi tomata timene timaitana nyerere ndi kumeretsa nkhungu yakuda ngati mwaye. Chomera chogwidwa chipatulidwe msanga, ndipo tizilomboto tipukutidwe ndi thonje loviika mu sipiriti. Ntchitoyi ibwerezedwe sabata iliyonse kwa mwezi umodzi, chifukwa mazira amene anatsala amapitiriza kuswa. Mtundu wina umakhala kumizu, ndipo umadziwika ndi zoyera zonga ufa m'dothi ndi m'mbali mwa mphika. Zikatero dothi lonse litayidwe, mizu ndi mphika zitsukidwe, kenako chomera chiume chisanadzalidwenso.

Pamasamba a aloe pamabwera tizilombo tina tokhala ndi chigoba, timene timamatirira ngati timadontho toyera mpaka tsamba lonse kutuwa. Timachoka tikakwechedwa ndi mswachi wakale ndi madzi a sopo.

Nsabwe za m'masamba zimaunjikana pamaluwa ndi pamphukira. Akangaude ofiira, amene alimi a tomato amawadziwa bwino, amachuluka kukatentha ndi kuuma m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, ndipo amasiya ulusi wopyapyala ndi timadontho totuwa. Zonsezi zimachepa chomera chikatsukidwa ndi madzi kenako n'kupoperedwa madzi a sopo kunsi kwa masamba.

Madzi a sopo amapangidwa ndi supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi mu lita imodzi ya madzi. Sopo waufa wochapira zovala amawotcha masamba. Madzi a masamba kapena njere za nimu amathandizanso. Kupopera kuchitike madzulo dzuwa litapepa, ndipo kuyambe ndi tsamba limodzi loyesera, popeza sopo ndi sipiriti zimachotsa phula lotuwa limene limateteza masamba a mitundu ina ku dzuwa.

Aloe ali ndi adani ena awiri oopsa. Woyamba ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, Aceria aloinis, kamene kamachititsa zotupa zonga njerewere pamasamba ndi pamaluwa. Mbali yotupayo sichira, choncho idulidwe n'kutenthedwa. Wachiwiri ndi chikumbu cha mlomo wautali, chofanana ndi nankafumbwe koma chachikulu, chimene mphutsi zake zimaboola tsinde mpaka mutu wa chomera kugwa. Mbali yodyedwa idulidwe, mphutsi zichotsedwe, ndipo nsonga yotsala idzalidwe monga zafotokozedwa pamwambapa.

Tintchentche takuda touluka pamwamba pa mphika ndi umboni wakuti dothi likukhala lonyowa, ndipo timatha dothi likamauma. Nyerere zokwera chomera zisanyozedwe, chifukwa zimateteza kodikodi ndi nsabwe kwa adani ake.

Phunziro lochokera ku chinangwa

Kuopsa kwa kodikodi kunaoneka pa chinangwa. Mtundu wa Phenacoccus manihoti, wochokera ku South America, unapezeka koyamba mu Africa m'chaka cha 1973 kufupi ndi Kinshasa ndi Brazzaville, ndipo m'zaka za m'ma 1980 unafika m'minda ya ku Zambia ndi ku Malawi. Akatswiri a bungwe la International Institute of Tropical Agriculture ku Nigeria, motsogozedwa ndi Hans Herren, anabweretsa kamavu kakang'ono kotchedwa Anagyrus lopezi kuchokera ku Paraguay. Kamavuka kanayamba kumasulidwa mu 1981 ndipo kanachepetsa kodikodi m'maiko ambiri olima chinangwa. Herren analandira mphoto ya World Food Prize mu 1995.

Nkhaniyi ikukhudza mwini maluwa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti tizilombo timayenda ndi mbewu, choncho duwa latsopano, logula kapena lopatsidwa ndi mnansi, likhale palokha kwa sabata ziwiri kapena zitatu lisanasakanizidwe ndi ena. Yachiwiri ndi yakuti tizilombo towononga tili ndi adani ake achilengedwe, amene amafera limodzi pamene mankhwala amphamvu apoperedwa mwachisawawa. Mankhwala a m'sitolo akhale omalizira, agulidwe kwa ogulitsa ovomerezeka ndi bungwe la Zambia Environmental Management Agency, ndipo asapoperedwe m'nyumba kapena pafupi ndi chakudya. Aloe amene wapoperedwa mankhwala otere asagwiritsidwe ntchito pathupi.

Chitetezo ndi malamulo

Utomoni wa nkhadze ndi abale ake umawotcha khungu ndipo ungawononge maso. Ukalowa m'maso, atsukidwe ndi madzi ambiri aukhondo kwa mphindi zosachepera 15 ndipo munthuyo apite kuchipatala. Utomoni wa Adenium ndi poizoni, motero duwali liikidwe kutali ndi ana ndi ziweto.

Livingstone ndi mzinda wa m'malire. Alendo amalowa kudzera pabwalo la ndege, pa mlatho wa Victoria Falls, ndiponso pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Kulowetsa chomera chamoyo m'dziko kumafuna chilolezo cha nthambi ya Plant Quarantine and Phytosanitary Service ya mu unduna wa zaulimi. Mitundu yambiri ya cactus ndi aloe ilinso pamndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire pakati pa maiko. Kuzula zomera m'nkhalango yotetezedwa ya Mosi-oa-Tunya ndi mlandu.

Zidutswa za cactus wa masamba aphwanthiphwanthi, wa mtundu wa Opuntia, zisatayidwe kutchire kapena m'mbali mwa msewu, chifukwa chidutswa chilichonse chimamera. Ku Australia chomerachi chinaphimba mahekitala pafupifupi 24 miliyoni m'zaka za m'ma 1920, mpaka pamene boma linabweretsa gulugufe wotchedwa Cactoblastis cactorum kuchokera ku Argentina. Zidutswa zosafunika ziumitsidwe pamalata kapena pakonkire kenako zitenthedwe.

Chomera chosunga madzi chimapirira sabata zambiri chili chouma, koma mizu yake ingathe kuwola m'masiku ochepa dothi likakhala lonyowa. Mwini duwa amene akukayika ngati nthawi yothirira yakwana angachite bwino kudikira masiku ena awiri, n'kuyang'ana kaye kunsi kwa masamba ndi m'dothi.