Chichewa cha kunsi kwa galimoto

Abale anga eni chinenero, mukamadutsa m'magalaja a ku Ndirande, ku Ginnery Corner kapena ku Limbe, muzitchera khutu. Manja a amakaniko athu ngaluso, koma pakamwa chuma chikutayika. Mnyamata akuti "ndicheke mabuleki", chonsecho kucheka ndi ntchito ya mpeni ndi sowo. Mabuleki timawaona, timawayesa, sitiwacheka ayi.

Galimoto zakale za ku Britain ndizo zimaulula kufunika kwa mawu olunjika, chifukwa zinabisa ziwalo zake pothina. MGB, yomwe inkapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, simungaisinthe kilatchi osatulutsa injini yonse. Jaguar E-Type ya 1961 mabuleki ake akumbuyo sanawaike kumawilo. Anawakankhira mkati, pafupi ndi difu. Ngakhale Morris Minor, imene agogo athu ankaiona m'misewu ya Blantyre, pothira mafuta a mabuleki pali pansi, kumapazi kwa dalaivala. Pamalo otere diso silifika, dzanja limangofufuza mumdima. Mmisiri amagona chagada kunsi, wophunzira ali pamwamba ndi sipanala, ndipo chowalumikiza awiriwa ndi mawu basi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako kuyambire pa lilime.

Wina akafuula kuti "ikulika", wanenanji? Chichewa chathu chimasiyanitsa. Oyilo akamagwa dontho limodzilimodzi, akudontha. Akamayenderera osaleka, akuchucha. Akangonyowetsa chitsulo, akutuluka thukuta kapena akulowerera. Uku n'kudziwa matenda usanagwire wodwala. Chimodzimodzi bauti: timamanga, timalimbitsa, timamasula. "Kutayita" ndi "kuluza" tizisiye, makamaka poti kuluza anthu amamva za kugonja pa mpira. Chomata ndi dzimbiri timachigwedeza, chikakana timachigwejula, koma injini timaiphwasula mwadongosolo, sitiigumula ngati khoma.

Zina zimandiwawa koposa: "mkati ya injini", "pansi ya galimoto". Ayi, abale. Ndi mkati mwa injini, pansi pa galimoto, kunsi kwa chitsulo. Timawu timeneti ndito timalozera dzanja pomwe likupita.

Sindikukana mawu obwereka. Sipanala, jeke, giya ndi girizi zinabwera ndi mayina ake, ndipo tinazilandira ndi manja awiri. Koma mneni ngwathu, tili nawo wokwanira. Inu amisiri akuluakulu, pophunzitsa ana sipanala, aphunzitseninso kunena chimene akuchitacho m'Chichewa chomveka.