Moto, chiswe ndi chuku: adani a mbiri ya Chichewa

Mu 1919 moto unapsereza ofesi yaikulu ya boma la atsamunda ku Zomba, ndipo makalata ambiri a boma kuyambira 1891 anasanduka phulusa. Pa 18 Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University nayo inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kupita usiku umodzi. Moto umamveka pa wailesi. Koma chiswe, mphemvu, chinyezi ndi chuku zimadya mwakachetechete, ndipo ife ophunzira za chiyankhulo ndi amene timaluza kwambiri.

Chifukwa chake n'chakuti umboni wa mmene Chichewa chasinthira uli pa mapepala akalewo. Tsegulani Buku Lopatulika lakale. Buku lomaliza mupeza lalembedwa Cibvumbulutso, pamene lero timalemba Chivumbulutso. Mawu amodzi okhawo akutionetsa zinthu ziwiri: c inasanduka ch, bv inasanduka v. Chimodzimodzi pfuko linakhala fuko. Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972 n'kukonza malamulo a kalembedwe, pamene anzathu a ku Zambia anapitiriza kulemba c. Ndiye buku likasindikizidwanso, osindikiza kawirikawiri amakonza kalembedwe, umboni uja n'kufufutika. Kope lakale likadyedwa ndi chiswe, basi, funso lakuti bv ankamutchula ndani, kuti, mpaka liti, latsala lopanda mboni.

Nanga chumachi chili kuti? Sichili pamalo amodzi ayi. National Archives ku Zomba inayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, ndipo malamulo amati buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno lipereke kope kumeneko. Ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi m'nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882, komanso nyumba yosungira zakale ya Chichiri. Mamishoni monga Nkhoma ndi Likuni anasindikiza Chinyanja chambiri. Ku MBC kuli matepi a nyimbo ndi mawu a anthu amene anatisiya kalekale. Zina zili kunja: nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula kuno m'zaka za m'ma 1950 zimasungidwa ku International Library of African Music, ku South Africa.

Akatswiri osunga zakale amati usanagule makina ojambulira, yamba wachita kalembera. Pali chiyani, chili motani, denga likudontha kapena ayi, chilipo kope lina kwina? Funso lomalizali ndi limene limasankha choyamba kupulumutsidwa. Dikishonale ya Johannes Rebmann ya 1877, imene anailemba mothandizidwa ndi Salimini, kapena ya David Clement Scott ya 1892, zili m'malaibulale angapo padziko lapansi. Koma nyuzipepala ngati Msimbi inasindikizidwa pa pepala lotchipa lokhala ndi asidi, limene limafiira n'kumathetheka lokha. Tepi nayo imavunda, ndipo ngakhale ikhale yabwino, makina oiseweretsa akusowa. Endangered Archives Programme ya British Library, imene inayamba mu 2004, yathandizapo kujambula zikalata zakale za boma m'Malawi muno, koma ntchito yotere imafika kumene munthu wina analoza kale kuti kuli kanthu.

Apa ndi pamene ine ndimaona mpata waukulu. Kuno ku Area 36 kumene ndimakhala, ngakhalenso ku Kawale ndi ku Biwi, m'masutikesi a pansi pa bedi muli makalata amene agogo ankalemba ali ku Joni kapena ku Halale, mabuku a nyimbo othothoka chikuto, ndi makope a misonkhano ya chigwirizano cha amayi. Chimenechi ndi Chichewa cha anthu wamba, chosadutsa m'manja mwa mkonzi, ndipo sichili m'kaundula aliyense. Mwini wake akamwalira, ana amati ndi zinyalala, n'kukolezera mbaula.

Kalembera wa zimenezi safuna ndalama za adona. Pemphani chilolezo kwa eni ake, lembani chaka, malo ndi mmene pepalalo lilili, jambulani ndi foni masamba onse, kenako lisungeni m'katoni youma, kutali ndi khoma ndi pansi. Selotepi musamatepo, imaononga pepala.