Mimbulu ya m'Maiko Osiyanasiyana: Kukula Kwake ndi Magulu Ake

Mmbulu wotuwa, umene akatswiri amautcha Canis lupus, umapezeka ku North America, ku Ulaya ndi ku Asia. Dzinali linaperekedwa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden m'caka ca 1758. Ngakhale kuti nyamayi ndi imodzi, msinkhu wake umasiyana kwambiri malinga ndi dera limene ikukhala.

Mimbulu yaikulu koposa iri ku Alaska ndi kumpoto ca kumadzulo kwa Canada, kumene yamphongo yambiri imapitirira makilogalamu 45. Umodzi umene unaphedwa ku Alaska mu 1939 unalemera makilogalamu 79. Mimbulu ya m'zipululu za Arabia ndi yaing'ono, pakuti imalemera makilogalamu ngati 20, ndipo ubweya wake ndi waufupi.

Cifukwa cacikulu ca kusiyanaku ndi nyengo. Mu 1847, Carl Bergmann wa ku Germany anafotokoza kuti thupi lalikulu limasunga kutentha nthawi yaitali, motero nyama za kumadera ozizira zimakula kuposa zinzake za kumadera otentha. Cakudya naco cimathandizira. Mmbulu wa kumpoto umasaka nyama zikuluzikulu m'magulu, pamene wa m'cipululu umadalira akalulu, mbewa ndi zotsala za nyama zakufa.

Pa za kugawa mimbulu m'magulu, akatswiri akhala akusiyana maganizo. Mu 1944, Edward Goldman anawerenga mitundu 23 ku North America kokha, poyang'ana zigaza ndi ubweya. Mu 1995, Ronald Nowak anaicepetsa kufika pa isanu. Kafukufuku wa DNA wasinthanso zina. Mu 2015 kunadziwika kuti nyama ya kumpoto kwa Africa imene kwa zaka zambiri inkachedwa nkhandwe iri pa ubale wapafupi ndi mmbulu wotuwa.

Nkhaniyi imakhudza moyo wa nyamazi, pakuti malamulo oteteza zinyama amatsata magulu amenewa. Mmbulu wa ku Mexico unatsala pang'ono kutheratu, koma popeza unazindikiridwa kuti ndi mtundu wapadera, unawetedwa m'malo osungira nyama, ndipo mu 1998 mimbulu 11 inamasulidwa m'nkhalango za Arizona. Gulu limene silinazindikiridwe lingathe kutha popanda woliteteza.

Kuno ku Zambia kulibe mmbulu wotuwa. Nyama imene imachedwa mmbulu m'cigwa ca Luangwa ndi ku Kafue ndi galu wa m'chire wamawangamawanga, Lycaon pictus. Ameneyu ali m'banja limodzi ndi agalu ndi mimbulu, koma ali m'gulu lakelake: makutu ake ndi akulu ndi obulungira, ndipo ali ndi zala zinai zokha kumapazi akutsogolo, pamene mmbulu wotuwa uli nazo zisanu. Nayenso ali pa mndandanda wa nyama zimene ziri pangozi ya kutha.