Kodi Dziko ndi Nyenyezi Zinayamba Bwanji?

Madzulo, nchito ya kumunda ikatha, timakhala pabwalo. Kukakhala kopanda mwezi, thambo limadzaza ndi nyenyezi. Pakati pake pamadutsa mzere woyera, dzina lake Mlalang'amba. M'bandakuca timaona Nthanda. Tsiku lina mwana adzatifunsa kuti: "Kodi zonsezi zinacokera kuti?" Nanga ife tidzamuyankha ciyani?

Funso ili ndi lakale. Mtundu uliwonse wa anthu unalifunsa. Tiyeni tione mmene mayankho anasinthira, ndi cimene cinawasintha.

Zimene makolo anasimba

Makolo athu anasimba za Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, kufupi ndi malire a Moçambique ndi Malawi. Anati poyamba dziko linali louma, lopanda camoyo. Cauta anagwetsa mvula. Pamodzi ndi mvulayo panatsika mwamuna ndi mkazi, atanyamula khasu, licero ndi mtondo. Nyama nazo zinatsika. Thanthwe linali likali lofewa, ndipo mapazi ao anadindika pamenepo.

Anthu akale a ku Egypt anali kukhala m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Caka ndi caka mtsinjewo unali kusefukira. Madzi akaphwera, zitunda za dothi lakuda zinali kuonekera. Iwo anati poyamba kunali madzi okhaokha, kenaka mtunda woyamba unatulukira. Ku Babylon anati mulungu Marduk anapha Tiamat, mayi wa nyanja, nagawa thupi lake pawiri: mbali ina thambo, mbali ina dziko. Buku la Genesis limasimba za masiku asanu ndi limodzi.

Taonani: alimi odikira mvula anaona ciyambi mu mvula. Okhala pamtsinje anaciona m'madzi osefukira. Aliyense anafotokoza ndi zinthu za pakhomo pake. Nthano izi si zacabe. Zinaphunzitsa anthu kulemekeza mvula, nthaka ndi moyo. Koma makolo analibe zipangizo zoyezera thambo.

Anthu ayamba kuyeza

Ku Greece, zaka zoposa 2300 zapitazo, kunali mphunzitsi dzina lake Aristotle. Iye anaona kuti pa kadamsana wa mwezi, mthunzi wa dziko umakhala wozungulira. Anati: ndiye kuti dziko ndi lobulungira. Apa ananena zoona. Koma anaphunzitsanso kuti dziko lili pakati pa zonse, ndiponso kuti thambo lilibe ciyambi. Ca m'ma 150, Ptolemy wa ku Alexandria anawerengera mayendedwe a dzuwa ndi mwezi motsata ganizo lakuti dziko lili pakati. Anthu ophunzira anakhulupirira zimenezi zaka pafupifupi 1400.

Mu 1543 munatuluka buku la Copernicus wa ku Poland. Linati dziko ndilo limazungulira dzuwa. Mu 1610 Galileo wa ku Italy analoza kumwamba telesikopu, cipangizo ca magalasi coonera zakutali. Anaona miyezi inayi ikuzungulira Jupiter. Anaonanso kuti Mlalang'amba ndi nyenyezi zosawerengeka zothithikana. Mu 1633 akuluakulu a mpingo ku Roma anamuzenga mlandu, namukakamiza kukana mau ake. Anamutsekera m'nyumba mwake mpaka imfa yake mu 1642. Koma miyezi inayi ija sinaleke kuzungulira. Aliyense wokhala ndi telesikopu anatha kudzionera yekha.

Apa ndi pamene zinthu zinasinthira. Kale anthu anali kufunsa kuti: "Ananena ndani?" Tsopano anayamba kufunsa kuti: "Umboni uli kuti?"

Thambo likukula

Mu 1912 mayi wina wa ku America, Henrietta Leavitt, anapeza njira yothandiza kuyeza kutali kwa nyenyezi. Edwin Hubble anagwiritsa nchito njirayo. Mu 1925 zinadziwika kuti Mlalang'amba wathu suli wokha. Kutali kwambiri kuli milalang'amba ina yambiri.

Mu 1927 Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium amene analinso katswiri wa masamu, anawerengera kuti thambo lonse likufutukuka. Mu 1929 Hubble anaonetsa ndi miyezo kuti milalang'amba ikutalikirana nafe. Yakutali kwambiri ndiyo ikucoka mofulumira kwambiri.

Kodi anadziwa bwanji? Tonse tinamvapo lole ikudutsa pamseu. Ikamabwera, phokoso lake limamveka lokwera. Ikamapita, limatsika. Kuwala nako kumacita cimodzimodzi. Cinthu cikamacoka, kuwala kwake kumapendekera ku mtundu wofiira. Akatswiri anayeza kufiira kumeneko.

Tiganize za dzungu laling'ono. Tikande timadontho pakhungu lake ndi munga. Dzungu likakula, timadontho tonse timatalikirana. Sitinayende, koma khungu ndilo latambasuka. Milalang'amba ili ngati timadontho timeneto.

Mu 1931 Lemaître anabwereranso m'mbuyo ndi masamu ake. Anati ngati zonse zikutalikirana lero, ndiye kuti kale zinali pamodzi, zothinana kwambiri. Katswiri wa ku England, Fred Hoyle, anatsutsa. Iye anati thambo lilibe ciyambi, ndipo limaoneka cimodzimodzi nthawi zonse. Mu 1949, polankhula pa wailesi ya BBC, anapatsa ganizo la anzakewo dzina lakuti Big Bang, ndiko kuti kuphulika kwakukulu. Dzinalo linakhala, ngakhale kuti sikunali kuphulika kwa bomba pamalo amodzi. Kunali kutambasuka kwa malo onse nthawi imodzi.

Phulusa lofunda

Nanga wolondola anali ndani? Mlenje sakangana za nyama imene sanaione. Amayang'ana mapazi. Ndiponso tikafika pamalo ndi kupeza phulusa lofunda, timadziwa kuti panali moto.

Mu 1948 Ralph Alpher ndi Robert Herman anati ngati ciyambi cinali cotentha, kufunda kwake kuyenera kupezeka mpaka lero m'thambo lonse. Mu 1964 Arno Penzias ndi Robert Wilson anali kukonza mlongoti waukulu wa wailesi ku New Jersey. Anali kumva kasokosera kosatha, usana ndi usiku, kucokera mbali zonse. Anaganiza kuti mwina ndi nkhunda zimene zinamanga zisa mumlongotimo. Anazicotsa, nakolopa zitosi. Kasokosera sikanathe. Mu 1965 zinadziwika kuti kumeneko ndiko kufunda kotsala kwa ciyambi. Akatswiri ambiri anasiya ganizo la Hoyle. Mu 1978 amuna awiriwo analandira mphoto ya Nobel.

Zimene tidziwa lero

Miyezo ya lero ikuonetsa kuti thambo linayamba kufutukuka zaka pafupifupi mamiliyoni 13,800 zapitazo. Dzuwa ndi dziko lathu ndi zazing'ono: zili ndi zaka pafupifupi mamiliyoni 4,600. Poyamba kunalibe citsulo. Citsulo cinapangidwa ndi nyenyezi zakale zimene zinapsa ndi kuphulika dzuwa lathu lisanakhalepo. Tsono citsulo ca khasu lathu, ndi citsulo ca m'magazi mwathu, cinacokera ku nyenyezi.

Nchito siinathe. Mu 1998 magulu awiri a akatswiri anapeza kuti kufutukuka kwa thambo kukuonjeza liwiro. Zinthu zonse zooneka, nyenyezi, miyala, madzi ndi ife, ndi magawo 5 okha pa magawo 100 a zopezeka m'thambo. Zotsalazo akatswiri akali kuzifufuza. Ku South Africa kuli milongoti 64 ya MeerKAT, imene inatsegulidwa mu 2018, yomvetsera zocokera kuthambo.

Lemaître anakhala wansembe mpaka imfa yake. Iye sanafune kusakaniza masamu ndi cikhulupiriro. Masamu amayankha funso lakuti "zinacitika bwanji, ndipo liti?" Funso lakuti "tikhale bwanji padziko?" limatsala kwa ife.

Tsono mwana uja akadzafunsa, tisadzamukalipire, ndipo tisadzamunamize. Tidzamuuze za Kaphirintiwa, pakuti ndi mbiri ya makolo ake. Tidzamuuzenso za dzungu ndi phulusa lofunda. Koposa zonse tidzamuphunzitse kufunsa umboni. Aristotle anali wanzeru, koma analakwitsa. Hoyle anali wophunzira, koma miyezo inamutsutsa. Amene adziwa kuwerenga mau ndi manambala angathe kulondola mapazi yekha, osadikira kuuzidwa.

Tikambirane

1. Kodi kwathu kuno akuluakulu amasimba ciyani za ciyambi ca dziko?
2. N'cifukwa ciyani anthu a ku Egypt anati poyamba kunali madzi?
3. Kodi Penzias ndi Wilson anacotseranji nkhunda asanalengeze zimene anapeza?
4. Ndi nkhani ziti za kumunda kapena za matenda zimene timavomera popanda kufunsa umboni?