Magetsi a Mphepo: Zomwe Zinachitika kwa Wimbe Ife Tikuwerenga pa Koloboyi

Ndiloleni ndikumbutse anzanga nkhani yomwe inachitika m'boma lathu la Kasungu, chifukwa ikukhudza zomwe takhala tikukambirana m'bungwe lathu, zoti tiike magetsi m'chipinda chowerengera pa sukulu yathu yakale.

Amene tinachokera kwa Njombwa tikukumbukira mmene tinkawerengera pa holide. Palafini akatha mu koloboyi, buku linkatsekedwa, ngakhale mayeso a MSCE atayandikira. Kunjaku mphepo ili kuu, kusasula madenga a zigafa za fodya. Ine ndinaphunzira Physical Science mpaka Fomu 4, kenako ndinapita ku yunivesite, koma sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti mphepo imeneyo ndi magetsi.

Amene anaganiza zimenezi ndi William Kamkwamba wa m'mudzi mwa Masitala kwa Wimbe, wobadwa mu 1987. Njala ya 2001 mpaka 2002, yomwe tonse tinaiona anthu akudya gaga ndi mizu ya nthochi, inam'chotsa pa sekondale ya Kachokolo chifukwa makolo ake analephera kulipira fizi. Iye anayamba kupita ku kalaibulale ka pa pulayimale ya Wimbe, komwe anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankadalira zithunzi. Mu 2002 anaimika nsanja ya mitengo ya bulugamu, nadula mapaipi apulasitiki kuti akhale mapiko, natola fani ya thalakitala pa dzala la zitsulo zakutha. Zonsezi anazilumikiza ku njinga ya bambo ake ndi dayinamo yonga yomwe tinkayatsira nyali ya njinga. Anthu ankamunena kuti wapenga, ena ati ndi chamba. Babu litayaka, omwewo anayamba kubwera kudzatchaja mafoni.

Chomwe chimandichititsa manyazi n'chakuti panapita zaka zinayi ife ophunzirafe tisanamve. Nyuzipepala ya Daily Times inalemba za iye mu 2006, ndipo mu 2007 anakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Buku la mbiri yake linatuluka mu 2009, anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America mu 2014, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor anatulutsa filimu ya nkhaniyi.

Koma tisatengeke, anzanga. Makina oyamba aja ankangoyatsa mababu anayi ndi mawailesi awiri. Mphamvu ya mphepo ili ndi lamulo lake: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawonjezeka kasanu ndi katatu, ndipo likatsika ndi theka, imatsala pang'ono zedi. Kwathu mphepo imalimba kuyambira nyengo ya mwera mpaka m'chilimwe, koma m'dzinja imatha kukhala bata masiku angapo. Ngakhale Kamkwamba, pofuna kupopa madzi m'mudzi mwawo, anagwiritsa ntchito mphamvu ya dzuwa. Boma nalo linayesapo kuphatikiza mphepo ndi dzuwa m'midzi ingapo, monga Elunyeni ku Mzimba ndi Mdyaka ku Nkhata Bay, koma ntchito zotere zimagwa pa mabatire: akatha, popanda thumba logulira ena, nsanja imangokhala chokwerapo akhwangwala.

Ena mu komiti akuti tingodikira mawaya a ESCOM. Ine ndikukayika. Magetsi ambiri m'dziko muno amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, ngakhale ife a m'maofesi ku Lilongwe tinabwerera ku makandulo kwa miyezi yambiri.

Maganizo anga ndi awa. Tisanasonkhe ndalama zogulira chilichonse, tipemphe aphunzitsi a sayansi kuti ana ayeze liwiro la mphepo pa sukulupo kwa chaka chathunthu, m'mawa ndi madzulo, n'kumalemba m'kope. Tikapeza kuti ndi yokwanira, tiike makina amodzi aang'ono pambali pa mapanelo a sola, ndipo pa ndalama zonse tipatuleko za mabatire ndi za mmisiri wa pafupi wodziwa kuwotcherera. Ine ndalonjeza kugula kachipangizo koyezera mphepoko, ndipo ndidzakapereka kwa a Mlembi pa msonkhano wathu ukubwerawu.